Mlonda wa Mphalapala za ku Kamphonde

A Felizardo anabadwira kuno ku Ntengo-Wambalame, kumene munthu ukaima pachitunda umangoona minda ya kachewere mpaka polekezera maso. Mitengo kuno inatha kalekale. Nyama zakutchire zimene iwo anakula akuzidziwa ndi mbewa ndi nkhwali basi. Ine ndine msuweni wawo. Zimene ndikufotokoza pano zina ndinaziona ndekha, zina anandiuza eni ake pang'onopang'ono, pakuti si munthu wokamba nkhani yonse tsiku limodzi.

Ku shikola analekezera sexta classe, kalasi yachisanu ndi chimodzi, ng'ombe za bambo awo zitafa ndi matenda. Atakula anapita ku Macanga kukagwira ntchito m'minda ya fodya, cha ku Chidzolomondo, akuganiza kuti akatha nyengo imodzi abwerera. Sanabwerere. Kumeneko anapeza a Doroteia, nakwatira, nakhala pachikamwini m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Kamphonde. Anabereka mwana mmodzi yekha, Anabela.

Munthu amene anawalandira bwino pamudzipo anali mlamu wawo, a Xavier, mlongo wawo wa a Doroteia. A Xavier anali munthu wankhalango, wanthabwala, wodziwa mtengo uliwonse ndi dzina lake. Ndiwo anaphunzitsa a Felizardo kusenda khungwa la mombo kuti likhale mng'oma wa njuchi, kusiyanitsa phazi la ngoma ndi la ntchefu, ndi kudziwa kumene kuli madzi m'chilimwe poyang'ana kumene njiwa zikulowera.

Tsiku lina akukapachika ming'oma, a Xavier anaima mwadzidzidzi n'kugwira mlamu wawo paphewa.

"Musatsokomole, alamu. Yang'anani patsidya apo."

Padambo panali mphalapala khumi ndi imodzi. Yamphongo inali yakuda bii, nyanga zake zopindikira kumsana, ikuwayang'ana osathawa. A Felizardo anandiuza kuti anaiwala kuti asenza mng'oma, mpaka phewa linachita dzanzi. Kwawo anangomva dzina la nyamayo m'nyimbo za akuluakulu. Kuyambira tsikulo, akapeza mpata ankalowa m'nkhalango okha, kungokayang'ana.

M'chaka cha 2011 kunabwera pulojeto yosunga nkhalango. Anaitsogolera mayi wina wa ku Tete, enjenyera Odete, amene anaitanitsa msonkhano pabwalo la shikola. Anati Kamphonde tsopano ndi malo otetezedwa. Uchi, bowa, masuku ndi nkhuni zouma anthu azitengabe, koma misampha ayi, mfuti ayi, kutentha tchire ayi, kudula mtengo wauwisi ayi. Nyama zikachuluka kudzabwera alendo odzaziona, ndipo mudzi udzapeza mjigo, chigayo ndi denga lamalata pa shikola. Kenaka anapempha amuna asanu ndi mmodzi oti akhale mafisikali, ndiye kuti alonda a nkhalango.

Anthu anangoyang'ana pansi. Ndani akanafuna kulondera abale ake? A Xavier ndiwo anaimirira.

"Alamu angawa amalemba Chipwitikizi bwino, ndipo nkhalango amaikonda kuposa nyumba yawo. Alembeni."

Anthu anaseka, dzina linalembedwa. Pobwerera kunyumba a Xavier anawagunda ndi chigongono.

"Mlonda akakhala mlamu wako, chitseko sichitsekeka zolimba. Mwandimva, alamu?"

A Felizardo anaseka nawo, poyesa kuti ndi nthabwala za masiku onse.

Anawapatsa malaya obiriwira, mabota, njinga ndi kaderno, buku lolembamo zonse zimene aona. Mfuti sanawapatse. Anzawo asanu aja ntchito ankaigwira mwa apo ndi apo, koma a Felizardo anaitenga ngati ya kutchalitchi. Tambala akangolira iwo ali m'njira. Ankachotsa makhwekhwe a waya wa mabuleki a njinga, kukwirira mbuna, kuzimitsa moto ndi nthambi zauwisi mpaka nsidze kupserera. Kamodzi anapeza mphalapala yaikazi itakodwa mwendo, bala litachita mphutsi, kamwana kake kakuzungulira pomwepo. Anaimasula, koma inafa mawa lake. Analemba zimenezo m'kaderno, tsiku ndi malo omwe.

Nyama zinachulukadi. Pomatha zaka zinayi mphalapala zinapitirira makumi anayi, ngoma zinkafika mpaka kuseri kwa zigafa za fodya. Koma zinachuluka pamodzi ndi nguluwe ndi anyani, ndipo izi sizidziwa malire a pulojeto. Munda wa chimanga ukacha bwino, nguluwe zinkaugwetsa theka. Mjigo unabwera, chigayo sichinaoneke. Alendo anabwera kamodzi kokha, azungu anayi ofuna kuona mbalame, atanyamula chakudya chawo ndi madzi omwe, nakhala masiku awiri.

Pamjigo amayi anayamba kunena mokweza a Doroteia akamafika.

"Mkamwini wa kwa eni kudzatiletsa ndiwo pamudzi pathu! Kwawo anamaliza mitengo, abwera kudzatiphunzitsa ife kusunga?"

A Doroteia ankabwera nazo kunyumba.

"Bambo a Anabela, chepetsaniko. Anzanu aja akuona zomwe mukuonazo, koma salemba."

"Ndikapanda kulemba ndiye ndavala malayawa chifukwa chiyani?"

M'zaka zimenezo anagwira amuna atatu a midzi ina ali ndi nyama. Onse anawalemba. Awiri anawalanda mfuti zawo za gogodera, wachitatu anakakhalako miyezi ingapo kundende.

Ndiye kunabwera njala ya 2016. Mvula inagwa kawiri n'kuleka, chimanga chinauma chili m'mawondo. Pofika Fevereiro anthu ankaphika nthochi zosakhwima ndi kupera gaga. A Xavier ndi akazi awo a Verónica anali ndi ana asanu, ndipo njuchi chaka chimenecho zinathawa m'ming'oma.

M'mawa wina a Felizardo ali ndi fisikali mnzawo, a Rui, anaona miimba ikuzungulira kumtunda kwa mtsinje. Anatsata. Pansi pa mtengo wa muwanga anapeza a Xavier atagwada, manja ali magazi okhaokha mpaka m'zigongono, akusenda mphalapala yaikazi. Inali ndi bere. Kamwana kanali pambali pa udzu, kali m'thumba lake.

A Xavier sanathawe. Anapukuta mpeni pantchafu n'kumwetulira.

"Mwafika bwino, alamu. Tengani mwendo uwu mukapatse alongo anga. Anabela wayamba kutuluka nthiti."

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndapha ndiwo. Kwanga sikunafuke utsi masiku atatu."

A Rui anayang'ana kumbali nati, "Ine sindinaone kanthu. Tiyeni tizipita, a Felizardo."

A Felizardo sanachoke. Ine ndinawafunsa kangapo chimene chinali m'mutu mwawo pamenepo. Anati ankaganiza za amuna atatu aja. Mmodzi wa iwo anawagwira miyendo akulira, akutchula ana ake, iwo n'kumulembabe. Akamusiya uyu chifukwa ndi mlamu wawo, ndiye kuti aja anawalakwira, ndipo zaka zisanu zonsezo zinali zonama. Anatulutsa kaderno.

"Mukulemba?" anafunsa a Xavier, kumwetulira kutatha.

"Ndikulemba, alamu. Ndikakupepeserani kwa enjenyera. Akangokulandani mfuti basi."

"Ndine ndinakuonetsani nyamazi. Ndine ndinakuimiritsani pamsonkhano paja."

"Ndikudziwa."

Iwo ankakhulupiriradi kuti zithera pa mfuti. Sanadziwe kuti malamulo anali atakhwimitsidwa, ndipo kuti nyama yabere imalemera kwambiri pamlandu. Galimoto inabwera patapita masiku awiri, inatenga a Xavier, mfuti, chikopa ndi nyama yonse, ati ikakhale umboni ku vila, kuboma. Ana a a Xavier anaima pamsewu kuonerera nyama ikukwezedwa. Kumene inakathera palibe akudziwa. A Felizardo anapalasa njinga mpaka ku vila kukapepesa monga analonjeza. Enjenyera Odete anawamvetsera, anapukusa mutu mwachisoni, nati nkhani yachoka m'manja mwake. A Xavier anawagamula zaka ziwiri.

Anatuluka patatha chaka ndi theka, atawonda, ali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Sanalankhulenso ndi mlamu wawo. Akakumana panjira, a Xavier ankapatukira m'udzu n'kudikira kuti adutse. Anamwalira nyengo yozizira ya 2018.

Pamaliro a Felizardo anafika m'mawa, nakhala pansi pamodzi ndi amuna anzawo. Atsibweni a a Doroteia anabwera, anawerama, nalankhula motsitsa koma aliyense anamva.

"Inu bwererani. Nyama zanu zatsala zokha kutchire."

Anadzuka n'kuchoka. Kumanda sanafike. Kuyambira pamenepo a Doroteia ankawaphikira, kuwaikira chakudya pakhonde, koma a Doroteiawo n'kukadyera kuseri ndi Anabela. Mphasa yawo anaisamutsira kuchipinda cha mwana.

Chaka chomwecho pulojeto inatha. Enjenyera Odete anabwera kudzatsazika, anapatsa fisikali aliyense pepala lothokoza lokhala ndi chithunzi cha njovu, nawagwira chanza akuti, "Continuem, continuem," ndiye kuti pitirizani. Kandalama kamene mafisikali ankalandira kanalekera pomwepo, ndipo anzawo asanu aja anapachika malaya. A Felizardo anapitiriza okha. Mabota atang'ambika anawasoka ndi waya wa makhwekhwe omwe ankachotsa. Kaderno itadzaza anagula ina ndi ndalama za fodya wawo. Wowerenga panalibe. Nditawayendera chaka chimenecho ndinawafunsa chimene akuvutikira.

"Ndikaleka lero, asuweni, ndiye kuti alamu anga anafera chiyani?"

M'chilimwe cha 2019, akuchokera kumunda, anamva chinthu chikubangula kumbali ya nkhalango. Anathamangira komweko. Thirakitala inali kugwetsa tchire, kutsegula msewu wolowera ku Kamphonde, kumbuyo kwake magalimoto awiri akuluakulu. A Felizardo anakoka chipika n'kuchipingasa panjira, naima pamwamba pake atavala malaya awo ofumbutuka aja.

Anatsika kapitawo, munthu wonenepa waulemu wake, wolankhula Chichewa cha kutali.

"Bambo, ndinu ndani?"

"Ndine fisikali wa nkhalango ino. Muno simudulidwa mtengo."

Kapitawo sanakwiye. Analowa m'galimoto natulutsa lisensa, pepala lololeza kudula mlombwa ndi mkula, lili ndi zidindo zitatu. A Felizardo analiwerenga kawiri. Dzina la Kamphonde linalipo, lolembedwa bwinobwino.

"Mwaona, bambo? Tsopano chotsani chipikacho, kapena tikuthandizeni."

Mawa lake anakwera njinga kupita ku vila, makaderno awo onse asanu ndi atatu atawamanga m'pulasitiki. Anakhala pabenchi panja pa ofesi ina masiku awiri. Tsiku lachitatu bwana wina wachinyamata anawalowetsa, anayala mapa patebulo, nawaonetsa ndi cholembera kuti malire a malo otetezedwa tsopano akuyambira kutsidya kwa mtsinje, kumiyala. Kumeneko kulibe madzi, kulibe dambo, kulibe mphalapala.

"Anasintha liti? Anafunsa ndani?"

"Zinachokera kumwamba, madala. Paciência, pirirani."

"Mlamu wanga anamangidwa chifukwa cha nyama imodzi pamalo omwewo."

"Nthawi imeneyo anali malo otetezedwa."

A Felizardo anamasula pulasitiki kuti amuonetse makaderno. Bwanayo anatsegula imodzi, anayamikira kuti amalemba mwaukhondo, nawabwezera.

Pobwerera anapeza mamotosera, makina ochekera mitengo, akulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amuna a pamudzi anali atalembedwa kale ntchito yokunkhuniza zipika, ndipo a Felizardo sanawaimbe mlandu, pakuti njala anali kuidziwa. Chimene chinawalasa n'chakuti woyenda patsogolo kuonetsa alendowo kumene kuli milombwa ikuluikulu anali a Rui, potsata njira zomwe ankalondera limodzi. Kumsasa kwa odula mitengowo kunali thandala lalitali, nyama itayanikidwa mbee. Zikopa za mphalapala anaziwerenga zisanu ndi ziwiri tsiku limodzi. Mfuti zinkalira masana, poyera, ndipo panalibe galimoto yobwera kudzatenga umboni.

Kapitawo atawaona ataima pamenepo anawaitana.

"Ndamva kuti ndinu munthu wokhulupirika kwambiri kuno. Tikufuna guwarda wolondera zipikazi, anthu akutibera. Mungayambe mawa."

A Felizardo anatembenuka n'kumapita.

Madzulo ake a Doroteia anabwera kudzakhala pakhonde, koyamba chimwalirire mlongo wawo. Anakhala potalikira, akutongola nyemba m'lichero.

"Bambo a Anabela, lero mwalemba angati?"

Iwo anapitiriza kusoka mabota awo.

"Ndikufunsa. Alongo anga anapha imodzi, ana akulira njala. Awa akupha tsiku ndi tsiku, akudya mpaka kutaya mafupa ali ndi minofu. Kaderno yanu ili kuti?"

"Ali ndi pepala, mayi a Anabela."

"Ndiye alongo anga anafa chifukwa chosowa pepala."

Nyemba zinkagwera m'lichero imodziimodzi. Kenaka a Doroteia anapitiriza, mawu atatsika.

"Sindikukuthamangitsani. Simunandimenyepo, simumwa, munda mumalima. Koma ndikakuonani mukubwera panjira apo, ndimaona a Xavier akupatukira m'udzu. Ndayesetsa, zikukanika."

A Felizardo anakhalabe mpaka anakolola chimanga cha chaka chotsatira n'kuchiika m'nkhokwe. Pomwepo n'kuti Kamphonde itatha. Odula mitengo atachoka analowa otentha makala, potsata msewu womwewo, kenaka olima fodya. A Felizardo anamanga bulangete, khasu ndi makaderno aja panjinga, natsazika Anabela, amene tsopano anali namwali wamkulu. Anayenda masiku atatu kudzafika kuno. Ndinawapatsa kanyumba kuseri kwa yanga, kamene ndinkasungiramo mbewu ya kachewere.

Masiku ano amagwira ganyu m'madimba, kuthirira ndi kukumba kachewere, ndi kusoka matumba amalonda akabwera ndi magalimoto. Tsitsi layera. Anthu kuno amawadziwa ngati bambo wofatsa amene ukwati unamukanika ku Macanga, ndipo iwo sawongola. Zanyama sakamba. Pa rediyo pakamveka za kusamala chilengedwe amadzuka n'kutuluka panja.

Koma mwezi wa Outubro uliwonse ankasowa masabata awiri. Ankapalasa njinga kubwerera ku Chidzolomondo kukalima munda wa a Verónica, mkazi wamasiye wa a Xavier. Sanapemphedwe ndi munthu. Ankagona kwa katekista, m'mawa n'kupita kumunda, kusosa ndi kuunda mizere mpaka munda wonse utatha, n'kubwerera. Anatero zaka zinayi. A Verónica sankabwera kumundako iwo ali komweko, ndipo sanatumizepo ngakhale madzi akumwa.

Chaka chatha, tsiku lomaliza, atatsala ndi mizere yochepa, anaona a Verónica akubwera. Anaima kumalire kwa munda, manja atapinda pachifuwa. A Felizardo anaika khasu pansi n'kuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera. Ndabwera kudzakuuzani kuti chaka chamawa musabwere."

"Kodi ndalima molakwika?"

"Mwalima bwino. Mumalima bwino chaka chilichonse. Koma anthu kutchalitchi ayamba kunena kuti ndinakukhululukirani. Apadiri ananditchula paguwa, kuti amayi ena atengere chitsanzo changa. Ine sindinakukhululukireni, ndipo sindifuna kuyamikiridwa pa chinthu chimene sindinachite. Ana akula, alima okha."

"Ndamva, alamu."

"Malizani mizere yatsalayo, popeza mwaiyamba kale."

Anaimaliza. Pobwerera anadzera kwa Anabela, amene anakwatiwa m'mudzi wapafupi, nanyamulako mdzukulu wawo pang'ono. A Doroteia anawaona patali akuchokera kumjigo, anawerama mwaulemu monga amachitira ndi mlendo, napitirira.

Anafika kuno Loweruka masana, fumbi lili mpaka m'makutu. Ndinawapatsa madzi osamba, ndipo atadya anandifotokozera zonsezi, osakweza mawu, ngati akukamba za munthu wina. Ndinawafunsa ngati Outubro akubwerayu adzapitenso.

"Ayi. Anandiuza mwaulemu, ndipo sananame."

Lolemba anadzuka m'mamawa kupita kudimba la mnansi wathu, a Feliciano, kumene anawalemba ganyu yokumba ngalande.